Yezani kaye puresha ya dizilo musanagule pampu ina

Lole ikayamba kupereŵera mphamvu pachitunda ngati cha Chiweta, kapena ikamavuta kulira m'maŵa, mawu oyamba amene eni ake ambiri amamva kugalaja ndi akuti pampu yatha. Amatulutsa ndalama zankhaninkhani, koma nthaŵi zina vuto silichoka. Chimene chimaiwalika ndi kuyeza puresha, kutanthauza mphamvu imene dizilo akukankhidwa nayo m'mapaipi.

Ulendo wa dizilo uli ndi magawo aŵiri. Gawo loyamba limayambira m'thanki, kudutsa m'fyuluta, kukafika papampu yaikulu. Kuno puresha ndi yochepa, kaŵirikaŵiri siposa ya mpweya wa m'tayala la lole, imene imakhala cha m'ma 7 kapena 8 bar. Gawo lachiŵiri limayambira papampu yaikuluyo kukafika ku mainjekita. Pa injini zamakono za common rail, zimene kampani ya Denso inayamba kuziika m'malole a Hino mu 1995, puresha ya gawoli imatha kufika 1,600 kapena 2,000 bar.

Makaniko wodziŵa ntchito amayambira gawo loyamba chifukwa mavuto ambiri amabisala kumeneko, ndiponso ndi otsika mtengo kukonza. Amamanga geji pakati pa fyuluta ndi pampu yaikulu, n'kuŵerenga injini ikulira payokha, kenako akupondereza mafuta. Nambala zimene wapeza amaziyerekeza ndi za m'buku la galimotoyo, pakuti injini iliyonse ili ndi muyezo wake. Muvi wa geji ukamagwa injini ikafuna mafuta ambiri, ndiye kuti dizilo akutsekerezedwa penapake: fyuluta yadzaza zinyalala, paipi yapindika, kabowo kopumira thanki katseka, kapena pampu yaing'ono yokoka mafuta yatopa. Kachubu koonekera mkati kakaikidwa panjira ya mafuta kamaonetsanso ngati muli thovu, chizindikiro choti mpweya ukuloŵa.

Izi n'zofunika kwambiri kuno kwathu, kumene mafuta akasoŵa madalaivala amakakamizika kugula dizilo wa m'zigubu. Dizilo wotere amatha kukhala ndi fumbi, madzi kapena parafini. Fumbi limatseka fyuluta, madzi amachititsa dzimbiri, ndipo parafini alibe mphamvu yokwanira yotereretsa zitsulo za m'pampu. Kuika pampu yatsopano osatsuka thanki ndi kusintha fyuluta n'kutaya ndalama kaŵiri.

Gawo lachiŵiri siliyezedwa ndi geji wamba. Pa common rail pali sensa, ndipo kompyuta yoyezera galimoto imaonetsa puresha imene injini ikufuna ndi imene ikupezekadi. Zikasiyana kwambiri, makaniko amamanga timabotolo pa injekita iliyonse kuti aone dizilo amene ikubweza kuthanki. Kabotolo kodzaza msanga kuposa tinzake kamaulula injekita yotha, ndipo pampu imakhala yapulumuka.

Pali chizoloŵezi china choyenera kutha: kumasula paipi ya injekita injini ikulira pofuna kuona ngati dizilo akufika, kapena kufunafuna podontha ndi dzanja. Pa puresha yotereyi dizilo amaboola khungu ngati singano. Bala lake limaoneka laling'ono ndipo poyamba silipweteka kwenikweni, koma mkati mnofu umakhala ukuwonongeka, moti munthu angathe kudulidwa chala. Wovulala motere athamangire kuchipatala nthaŵi yomweyo, akanene kuti walasidwa ndi dizilo wa puresha. Ngakhale injini itazimitsidwa, ndi bwino kudikira kaye kuti puresha itsike musanagwire sipanala.

Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Inu eni malole, makaniko akakuuzani kuti pampu yatha, mufunseni kuti geji yaonetsa nambala yanji komanso buku likuti chiyani. Ngati sanayeze, ndalama zanu zikhale kaye m'thumba.