Pakati pa Nyanja Palibe Msika

Tsiku lina madzulo m'mwezi wa Seputembala kudafika alendo kunyumba kwanga kuno ku Area 24. Adali bambo wina wachikulire, mphunzitsi wopuma pantchito, amene takhala naye moyandikana kumunsi kwa phiri la Ngwenya kwa zaka zambiri. Atakhala pansi ndi kupereka moni, adandionetsa uthenga umene udabwera pa foni yawo kuchokera kwa mwana wawo wamkazi amene ndi namwino ku Durban, m'dziko la South Africa. Mwanayo adawagulira iwo ndi mayi a kunyumba matikiti a ulendo wa masiku anayi pa sitima yaikulu ya pamadzi, kuti akakumbukire zaka 40 za ukwati wawo. Uthengawo unkati asankhe msanga chipinda chimene adzadyeremo usiku wa tsiku lawolo, ndiponso ola lake, popeza malo adali kutha.

"Achimwene, tandithandizani," adatero bambowo. "Ulendo ndi wa mu Disembala, lero tili mu Seputembala. Kodi munthu angaidziwe lero njala ya mu Disembala? Nanga tikitiyo si ya chakudya chomwe?"

Funso limeneli ndi lanzeru, ndipo popeza Amalawi ambiri tsopano ali ndi ana ndi abale kunja amene amawaitanira ku maulendo otere, ndaganiza kuti tilikambirane pa tsamba lino.

Sitima zimene tikunenazi si zonyamula anthu kuchoka doko lina kupita doko lina ayi. Ndi mahotela oyandama, amene anthu amakwera kuti akapumule ndi kuona malo. Kwa zaka zambiri sitima za kampani ya MSC zakhala zikunyamuka ku Durban kuyambira cha mu Novembala, kupita ku malo a m'mbali mwa nyanja ya mchere ku Mozambique monga Portuguese Island ndi Pomene. Mu Novembala 2023 ku Durban kudatsegulidwa nyumba yatsopano yokwererapo sitima zimenezi, imene adaitcha dzina la Nelson Mandela. Zina mwa sitima zotere ndi zazikulu koopsa. Icon of the Seas, imene idayamba kuyenda kuchokera ku Miami mu Januwale 2024, ndi yotalika mamita pafupifupi 365, ndipo itha kunyamula apaulendo 7,600.

Mnansi wanga sadalakwitse ponena kuti tikiti ndi ya chakudya chomwe. Amene walipira ulendo amadya kadzutsa, nkhomaliro ndi mgonero osalipiranso, kaya m'chipinda chachikulu chodyera kumene operekera zakudya amabweretsa mbale patebulo, kaya kumalo kumene munthu amadzitengera yekha chimene wakonda. Palibe amene amagona ndi njala. Koma kuwonjezera pa zimenezi, mumakhalanso tizipinda tina tating'ono todyera mwapadera. Kena n'ka nyama yootcha yokhayokha, kena n'ka zakudya za ku Italy, kena n'ka za ku Japan kumene wophika amakazinga chakudya pa chiwaya chachikulu alendo akuona. M'tizipinda timeneti munthu amalipira padera, ndipo mipando yake ndi yochepa.

Mchitidwe umenewu si wa lero. Sitima ya ku Germany yotchedwa Amerika, imene idayamba kuyenda mu 1905, idali ndi chipinda chodyera chapadera cha dzina la Ritz-Carlton. Nayo Titanic, imene idamira mu Epulo 1912, idali ndi chipinda chotere choyang'aniridwa ndi Luigi Gatti, ndipo olemera ankalipira padera kuti adyemo.

Tsono tiyeni tichite masamu pang'ono, pakuti mnansi wanga ndi mphunzitsi ndipo masamu ndiwo adamukhutiritsa. Tiyerekeze kuti sitima yanyamula anthu 3,000, ndipo kachipinda kena kali ndi mipando 60. Ngati usiku uliwonse mulowa magulu awiri, ndiye kuti anthu 120 adya. Pa mausiku anayi adya anthu 480 basi. Otsalawo, amene ndi oposa 2,500, sadzalowamo ngakhale atakhala ndi ndalama zodzadza thumba. Onjezerani apo kuti pafupifupi aliyense amafuna kudya cha m'ma 7 koloko madzulo, ndipo mudzaona chifukwa chake malo amatha sitima isananyamuke.

Ife Amalawi zimenezi zimatizunguza, chifukwa kwathu mlendo salembetsa. Mlendo ndi mame, amatero akuluakulu, ndipo akafika nthawi ya chakudya mayi wapanyumba amawonjezera madzi ndi ufa mumphika, mwana n'kuthamangira ku msika wa Ngwenya kukagula usipa kapena mazira. Kuuza munthu miyezi itatu isanakwane kuti udzadya kwa iye kumaoneka ngati umbombo, kapenanso kudzikweza. Mwambo umenewu ndi wabwino ndipo tisautaye. Koma tidziwe kuti umatheka chifukwa msika uli pafupi. Pakati pa nyanja palibe msika. Chimene wophika sadakweze padoko sangachipeze panjira, ndipo mpando umene mulibe m'chipinda sangakaubwereke kwa mnansi.

Ine phunziro limeneli sindidalitenge m'buku kapena ku Durban. Ndidalitenga pa nyanja yathu yomwe ino, pa sitima ya Ilala.

Awerengi ambiri akuidziwa Ilala, ngakhale amene sadaikwerepo. Idapangidwa mu 1949 ndi kampani ya Yarrow pafupi ndi Glasgow ku Scotland, idabwera kuno m'zidutswa kudzera ku Mozambique, ndipo idayamba kuyenda pa Nyanja ya Malawi mu 1951. Idabwera pambuyo pa ngozi ya sitima ya Vipya, imene idamira pa 30 Julayi 1946 ndi kupha anthu 145. Dzina lake idatengera kwa Ilala yoyamba, imene amishoni a Livingstonia adafika nayo panyanjayi mu 1875, ndipo dzinalo ndi la dera la ku Zambia kumene David Livingstone adamwalirira mu 1873. Ilala ndi yotalika mamita 52, kutanthauza kuti pafunika asanu ndi awiri a msinkhu wake kuti afanane ndi Icon of the Seas. Komabe lamulo la chakudya ndi malo ndi lomwelo pa sitima zonse ziwirizi.

Mu Julayi 2015 ndidatenga mayi anga kupita nawo ku Likoma. Kwa nthawi yaitali ankalakalaka kukapemphera m'tchalitchi chachikulu cha St Peter's, chimene mwala wake wa maziko udaikidwa mu 1903, ndiponso kukaona manda a mlongo wawo. Mnzanga wina wa kuntchito, kwawo ku Nkhata Bay, adandichenjeza kuti zipinda zogona za m'sitimayi n'zowerengeka ndi zala, choncho ndisungitsiretu chimodzi. Ine ndidaseka, ndi kunena kuti tikaonera konko. Tidachoka ku Lilongwe kudzera ku Salima mpaka ku Nkhotakota, ndipo sitima itafika usiku tidapita kukaikwera pa bwato laling'ono. Titalowa ndidafunsa chipinda. Adandiyankha mwaulemu kuti zonse zidatengedwa kale ndi amene adalembetsa. Mayi anga, a zaka 70 ndi kuposerapo, adagona pamwamba pa sitima, atafunda chitenje ndi jekete langa, mphepo ya mwera ikuomba usiku wonse.

Mukadaganiza kuti ndidaphunzirapo. M'mawa woperekera zakudya adadutsa kufunsa amene adzadye nkhomaliro m'chipinda chodyera, kuti ophika adziwe kuchuluka kwa mbale. Ine, pofuna kuona kaye ngati mayi adzakhale ndi chilakolako cha chakudya pambuyo pa mafunde aja, ndidati tiona. Nthawi ya nkhomaliro itakwana, nsomba zidakwanira okhawo amene adalembetsa. Tidatsikira pansi kukaima pamzere wa nsima ndi nyemba. Chakudyacho chidali chabwino ndithu, koma mayi anga amadwala matenda a shuga ndipo amayenera kudya pa nthawi yake. Pamene mbale inkafika m'manja mwawo, manjawo adali akunjenjemera. Sadandidzudzule. Adangoti, "Mwanawe, ulendo wina uzifunsa." Ogwira ntchito m'sitimamo sadalakwe kanthu: adandifunsa, ine ndiye ndidakana kuyankha. Safunsa adadya phula, koma ine ndidachita kufunsidwa, phula n'kudyetsa mayi anga.

Nkhani imeneyi ndidawafotokozera anansi anga aja, ndipo kenaka tidayamba kuona zoyenera kuchita. Ndikuziika pano kuti zithandizenso ena.

Choyamba, tikiti ikangotsimikizika, funsani tsiku limene kusungitsa malo odyera kumayamba. Makampani ambiri amalola kutero pa intaneti, munthu atalemba nambala ya tikiti yake, ndipo amene adagula kudzera kwa okonza maulendo atha kuwapempha iwowo kuti amusungitsire. M'mera mpoyamba: woyamba amasankha tsiku ndi ola, wochedwa amalandira chimene chatsala, mwina 9 koloko usiku, nthawi imene munthu wachikulire wa kuno amakhala atagona kale.

Chachiwiri, onani ndondomeko ya ulendo musanasankhe tsiku. Tsiku limene sitima yaima pa chilumba anthu amabwerako atatopa ndi dzuwa ndi mchenga, ndipo nthawi yobwerera itha kuchedwa. Usiku wa tsiku limene sitima ili pakati pa nyanja ndiwo anthu ambiri amaulimbirana. Usiku woyamba kawirikawiri malo amapezeka mosavuta, popeza ambiri amakhala akuzolowera sitima.

Chachitatu, nenani za thupi lanu ndi chipembedzo chanu nthawi yomweyo. Ngati muli ndi matenda a shuga kapena othamanga magazi, ngati simudya nkhumba, ngati mumadya nyama yozingidwa mwa Chisilamu yokha, kapena ngati nsomba zina zimakutulutsani ziwengo, lembani. Ophika amatha kukonza zimenezi akauzidwa sitima isanakweze katundu. Kunena mbale itafika kale patebulo ndi kudzivutitsa nokha.

Chachinayi, funsani mtengo wonse ndi mtundu wa ndalama. Pa sitima zambiri mitengo imalembedwa m'madola a ku America, ndipo pamwamba pake pamatha kuwonjezedwa ndalama ya operekera zakudya ndi ya zakumwa. Kwa ife amene timalandira makwacha, makamaka chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kadola kalikonse n'kolemera. Kawirikawiri kulipiriratu ulendo usanayambe kumakhala kotsikirapo mtengo kusiyana ndi kulipira muli m'sitima. Funsaninso ngati ndalamayo imabwezedwa mukasintha maganizo, ndiponso kuti muyenera kunena pasanathe maola angati.

Chachisanu, sungani umboni, kaya papepala kaya m'foni, ndipo tsiku lokwera pitani mukatsimikize kuti dzina lanu lilipo. Mukaona kuti simupita, nenani, kuti mpandowo upatsidwe kwa wina. Kusungitsa malo ndi pangano, ndipo pangano limamanga mbali zonse ziwiri.

Pomaliza, musaganize kuti mukakamizidwa kudya m'tizipinda timeneti usiku uliwonse. Chakudya cha m'chipinda chachikulu mudalipira kale, ndipo n'chokwanira. Usiku umodzi wapadera, pa tsiku limene lili ndi tanthauzo kwa inu, ndi wokwana.

Anansi anga adamvetsera zonsezi mwachifatse, kenaka adati sangasankhe okha popeza tsikulo ndi la anthu awiri. M'mawa mwake adabweranso ndi mayi a kunyumba. Mayiwo adafunsa ngati ku chipinda cha nyama yootcha kumapezeka nsima. Nditawauza kuti asayembekezere zimenezo, adaseka, ndi kunena kuti zaka 40 akhala akuphika nsima, choncho usiku umodzi atha kupirira mbatata. Adasankha usiku wachitatu, 6 koloko madzulo, ndipo adauza mwana wawo kuti alembetse kuti bambo sadya mchere wambiri.

Ine ndatsala ndi ngongole ya mayi anga. Akufuna kubwereranso ku Likoma mwera ukatha, ndipo ulendo uno ndidzayamba ndafunsa za chipinda ndi za chakudya ndisanagule n'komwe tikiti ya basi. M'gawo lotsatira tidzakambirana za kamba ndi mankhwala oyenera kunyamula pa ulendo wa panyanja.