KOMPYUTA IMODZI, MAWAILESI A KANEMA AMBIRI MU OFESI

Wolemba Mtolankhani Wathu

Awerengi athu amene anayamba ntchito kale akumbukira thabwa la zidziwitso limene linkakhala pakhonde la ofesi iliyonse ya Boma ndi pa sukulu iliyonse. Mesenjala ankadza ndi pepala, nalikhomera pathabwapo, ndipo linkakhala pomwepo kufikira litafiira ndi dzuwa. Tsono lero akulu a maofesi ena afuna kuti m'malo mwa thabwalo papachikidwe mawailesi a kanema, ina pofikira alendo, ina m'chipinda cha misonkhano, ina m'chipinda cha aphunzitsi, ndi kuti onsewo azionetsa zochokera m'kompyuta imodzi. Nzeruyi njabwino, koma ili ndi misampha yake imene munthu ayenera kuidziwa asanatulutse ndalama za ofesi.

Poyamba muvomerezane ngati mawailesi onse adzaonetsa chinthu chimodzi. Ngati ndi tero, ntchito njapafupi. Nthambo ya HDMI ichoka ku kompyuta nilowa m'kabokosi kamene ogulitsa amakatcha splitter, ndipo kabokosiko kagawira chithunzi ku mawailesi awiri, anayi kapena asanu ndi atatu. HDMI, imene malamulo ake anatuluka mu 2002, inyamula chithunzi ndi mawu pamodzi. Nthambo yakale ija ya VGA, ya mu 1987, yamutu wobiriwira ngati thambo, inyamula chithunzi chokha. Koma mukafuna kuti alendo aziona china, aphunzitsi china, splitter sangathe. Pamenepo wailesi iliyonse ifunika potulukira pakepake pa kompyuta, kapena kamakina kakekake kolandirira zinthu.

Chachiwiri ndi mtunda, ndipo apa mpamene ambiri amaphonya. Nthambo wamba ya HDMI ikapitirira mamita 10 kapena 15, chithunzi chimayamba kuphethira, mwinanso kuzimiratu. Pa mtunda wautali amisiri amagwiritsa ntchito nthambo ya Cat6, yomwe ija yolumikizira makompyuta, ndi timabokosi tiwiri, kena kotumiza kena kolandira. Njira yotchedwa HDBaseT, imene inadziwika mu 2010, imafikitsa chithunzi mpaka mamita 100. Poyesa mtundawo musayese pansi molunjika ai. Nthambo imakwera khoma, niyenda m'denga, nitsikanso, kotero kuti zipinda zooneka zoyandikana zimadya nthambo yambiri. M'dengamo ilowetsedwe m'paipi chifukwa cha makoswe, ndipo isagonere pamodzi ndi mawaya a magetsi. Ngati wailesi ina ili m'nyumba yapadera, monga zimakhalira ndi mabuloko a sukulu, nthambo ya mkuwa yodutsa pabwalo ingathe kulowetsa mphamvu ya mphenzi m'makina nthawi ya dzinja. Yoyenera pamenepo ndi ya fibre, imene imayendetsa kuwala, osati magetsi.

Palinso kanthu kena kodabwitsa. Wailesi iliyonse imauza kompyuta ukulu wa chithunzi chimene ingathe kulandira: yakale mizere 720, yatsopano 1080 kapena 2160. Pakuti kabokosi kaja katumiza chithunzi chimodzi kwa onse, kawirikawiri kamatsata wailesi yofooka. Kakapanda kutero, yofookayo ingoti bii. Nchifukwa chake kusakaniza wailesi yotsala ku stolo ndi zatsopano sikupulumutsa ndalama monga momwe mlembi wa chuma angaganizire.

Komatu nkhani yaikulu, kwa ife, si ya nthambo. Munthu wa ntchito ya Boma amasunga zinsinsi, ndipo mphunzitsi nayenso ali nazo. Taganizirani kalaliki amene kompyuta yake yapatebulo ndiyo yalumikizidwa ku mawailesi onse. M'mawa waonetsa ndandanda ya misonkhano. Masana waiwala, natsegula kalata yodzudzula wantchito mnzake, kapena mndandanda wa malipiro, kapena mafunso a mayeso a mawa. Nthawi yomweyo anthu okhala pa benchi pofikira alendo akuwerenga zonse, zilembo zake zazikulu ngati za pa bolodi. Kabokosi sikadziwa chinsinsi. Chimene kapatsidwa ndicho kagawa. Thabwa lakale lija linali ndi ubwino uwu, wakuti pepala silinkafikapo lokha popanda dzanja la munthu.

Pa kompyuta za Windows, kudina batani la Windows pamodzi ndi P kumaonetsa zosankha. Duplicate ndiko kuti mawailesi aonetse zonse zimene kalaliki akuona. Extend ndiko kuti akhale ngati tsamba lina lapambali, pamene pangaoneke chokhacho chimene wachikankhirapo. Extend njabwinopo, ngakhale kuti dzanja likhoza kuterereka. Chimene ife tingalangize akulu a maofesi ndi ahedi ndi ichi: patulani kompyuta imodzi, ngakhale yakale, imene mulibe mafailo a ofesi ngakhale limodzi, ikhale ya mawailesi okha. Ikhale m'chipinda chotsekedwa, ndipo musankhe munthu mmodzi wodziwika dzina amene aziika zidziwitso zatsopano ndi kuchotsa zimene tsiku lake lapita, monga ankachitira mesenjala uja.