ULENDO WA TSIKU LIMODZI KU KARONGA: TIKONZEKERE MATUMBA NDI MAYANKHO OMWE



Ambiri a ife kuno ku Iponga timapita ku Karonga pokhapokha pali chovuta. Mwina tikuperekeza wodwala kuchipatala, mwina tikukagulitsa mpunga kapena tikufuna malata. Tikatha zimene tadzera timathamangira kudepoti kuti dzuwa lisatilowere. Mwa ichi ana athu akukula osadziwa kuti tauni imene ili pakhomo pawoyi ndi imodzi mwa malo okhala ndi mbiri yaikulu m'Malawi muno.

Chaka chatha ife aphunzitsi a madrasa tidaganiza zotenga ana pamodzi ndi makolo angapo kukacheza kumeneko kwa tsiku limodzi. Zina tidakonza bwino, zina tidaphonya, ndipo tafuna kukufotokozerani zonse ziwiri kuti inu mukadzanyamuka mudzachite bwino kutiposa.

Nthawi ndi ndalama

Kuchokera pachipata cha Songwe kukafika ku Karonga pali mtunda wa makilomita pafupifupi 45, ndipo kuchokera kwathu kuno ndi wocheperapo. Mseu wake ndi wa M1, wodutsa pa Kaporo ndi kuwoloka mitsinje ya Lufilya ndi Rukuru. Musapite mu Marichi kapena Epulo pamene mvula imachuluka ndipo mitsinjeyi imasefukira. Okutobala nayenso ngwoipa kaamba ka dzuwa limene limafooketsa ana. Nthawi yabwino ndi kuyambira Juni mpaka Ogasiti, kunja kukuzizira, mpunga utalowa m'nyumba ndipo kakhobidi kakupezeka.

Ndalama yambani kusonkherana padakali mwezi wathunthu, ndipo msungichuma azilemba m'kope poyera. Gwirizanani ndi mwini minibasi za mtengo wopita ndi kubwerera ulendo usanafike. Tumizaninso munthu mmodzi kukafunsa nthawi yotsegulira ndi mtengo wolowera kunyumba yosungirako zakale, popeza safunsa adadya phula. Ife tidachedwa kunyamuka ndi ola lathunthu chifukwa mabanja awiri adabwera ndi ana amene sadalembedwe, ndipo malo m'galimoto adasowa.

Chakudya ndi swala

Kamba nyamulani kunyumba: mpunga wophika, usipa wokazinga, nthochi ndi madzi okwanira. Wofuna mbalagha m'tauni ayambe wafunsa nyama yake, chifukwa ena amaphikira nkhumba. Za swala, kumbukirani kuti ulendowu ngwaufupi. Malinga ndi chiphunzitso cha Imam Shafi'i, kufupikitsa swala kumaloledwa paulendo wa makilomita pafupifupi 80, choncho Dhuhur tikaswali yathunthu marakaa anayi. Konzani kuti nthawi yakeyo ikupezeni pafupi ndi mzikiti wa m'tauni. Lachisanu lisiyeni, chifukwa simungathe kuona zonse ndi kufikanso pa Jumu'a mosathamanga.

Poyambira

Yambirani ku Cultural and Museum Centre Karonga, nyumba imene idatsegulidwa mu Novembala 2004. Ana athu atangolowa adangoti kukamwa yasa poona chigoba cha Malawisaurus, chinyama chachitali kuposa minibasi imene tidakwera. Mafupa ake adayamba kupezeka m'boma lathu lino m'zaka za m'ma 1920, ndipo dzina limeneli lidaperekedwa mu 1993. Akatswiri amati chidakhala ndi moyo zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo. Mudzamvanso za chibwano chakale kwambiri chimene akatswiri a gulu la Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage adachipeza ku Uraha, kumwera kwa boma lino, mu 1991.

Apa ana sasowa chonena, ndipo mphunzitsi ntchito yake njopepuka. Povuta mpamene mufika pa nkhani ya Mlozi.

Funso limene lidatipeza osakonzeka

Mu 1884 kampani ya African Lakes, imene anthu ankaitcha Mandala, idatsegula sitolo ku Karonga yogulirako minyanga ya njovu. Ena mwa amene ankabweretsa minyangayo anali amalonda achiswahili, ndipo wamkulu wawo anali Mlozi. Iye adamanga linga ku Mpata, m'mbali mwa mtsinje wa Rukuru panjira yopita ku Chitipa, ndipo anzake Kopakopa ndi Msalemu adamanga awo chapafupi. Malonda awo sadali a minyanga yokha, ankagwiranso ndi kugulitsa anthu.

Mu 1887 nkhondo idabuka pakati pa iwo ndi Angonde. Anthu ambiri adathawira m'mabango a ku Kambwe, kumpoto pang'ono kwa tauni, koma mabangowo adatenthedwa ndipo ambiri adafera momwemo. Mlozi adadzitcha Sultani wa dziko la Ngonde. Azungu a Mandala adalimbana naye osamutha, ndipo Frederick Lugard adavulala pankhondoyo mu 1888. Mgwirizano wa mtendere wa 1889 sudathetse malondawo. Mu Disembala 1895 Harry Johnston adabwera ndi asilikali ndi mizinga nagumula linga la Mpata. Mlozi adaweruzidwa pamaso pa mafumu a Angonde napachikidwa, ndipo akapolo mazanamazana adamasulidwa.

Wotilondolera atatha kufotokoza, mtsikana wina wa zaka khumi ndi ziwiri adatikoka mkanjo nafunsa chapansipansi kuti, "Ustazi, kodi Mloziyo anali Msilamu ngati ife?"

Tiyenera kuvomereza kuti tidakhala chete kanthawi. Tidali titawerengera mbale ndi mipando, koma funso ili sitidaliwerengere. Bambo wina amene tidali naye adamuuza mwanayo kuti asiye mafunso ambiri. Ife tikuona kuti pamenepo mpamene makolo timalakwira. Mwana amene wabisiridwa zoona kunyumba adzazimva kusukulu kapena pamsika, mwina kwa munthu wofuna kumunyoza, ndipo tsiku limenelo adzayamba kukayikira zonse zimene tidamuphunzitsa.

Titakhala pamthunzi kudya kamba, tidawauza anawo kuti inde, Mlozi ankadziwika kuti ndi Msilamu, ndipo zimene adachita ku Kambwe ndi ku Mpata zinali nkhanza zimene dzina la chipembedzo silingazitsuke. Tidawakumbutsa za Bilal, kapolo amene Abu Bakr adamuwombola ndipo adakhala woyamba kuitanira swala. Tidawauzanso kuti anzawo amene amakhala nawo m'kalasi ndi zidzukulu za anthu amene adathawa moto uja, ndipo ambiri a ife magazi athu ngomwewo. Amene akudziwa mbiri imeneyi amayenda modzichepetsa pakati pa anansi ake.

Manda a nkhondo

Masana, mutaswali, pitani kumanda a asilikali a nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Pa 9 Seputembala 1914 asilikali a Ajeremani, amene adawoloka Songwe kuchokera ku Tanzania wa lero, adathira nkhondo Karonga ndipo adabwezedwa tsiku lomwelo. Sabata yomweyo ku France kunkachitika nkhondo yaikulu ya pamtsinje wa Marne. Mpaka lero anthu amalipira ndalama zambiri kukaona matauni akale ndi manda a nkhondo a dziko limenelo, pamene ife mbali ya nkhondo yomweyo idachitikira m'minda yathu.

Auzeni ana awerenge maina olembedwa pamiyala, kenaka afunseni kuti maina a makolo athu ali kuti. Ambiri mwa amene adamenya ndi kufa mbali zonse ziwiri anali Aafirika. Imfa zimenezi ndi zimene zidamuchititsa John Chilembwe kulembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times yodandaula za magazi a anthu akuda, miyezi yowerengeka asanaukire boma mu Januwale 1915. Mu 2021 bungwe la Commonwealth War Graves Commission lidavomereza kuti Aafirika zikwizikwi amene adafa pankhondoyo sadakumbukiridwe ndi maina monga azungu. Pamenepa ana adzaona okha kuti nkhanza ndi tsankho zilibe mtundu umodzi.

Pobwerera

Musafune kuona zonse tsiku limodzi. Mpata ndi phiri la Mbande, likulu lakale la a Kyungu, zisungireni ulendo wina. Nthawi yotsalayo apatseni ana akaone nyanja, koma wamkulu mmodzi aziyang'anira ana osapitirira asanu ndipo pasakhale wosambira. Nyamukani mutangoswali Asr kuti Maghrib ikupezeni kwanu, ndipo werengani mitu musanakwere galimoto.

Chomaliza, usiku woti mawa ndi ulendo, makolo ndi aphunzitsi khalani pansi mugwirizane za chimene mudzayankhe ana akadzafunsa za Mlozi, chifukwa adzafunsa ndithu. Ngati pamudzi pali agogo odziwa zimene makolo awo ankasimba za nthawi imeneyo, asungireni mpando wakutsogolo. Mtsikana uja, titafika ku Iponga, adakafunsa agogo ake aakazi, ndipo mawa lake adabwera ku madrasa ndi nkhani imene ifenso aphunzitsi tinali tisanaimvepo.

Allah akupatseni ulendo wabwino. Wassalamu alaikum.