Kuchoka ku Ntaja kapena ku Ulongwe Kukaphunzira Udokotala: Kukonzekera Semesita Yoyamba

Chaka chilichonse bungwe la MANEB likatulutsa zotsatira za mayeso a MSCE, m'maboma a Machinga ndi Balaka mumapezeka ana amene akhoza bwino masayansi ndipo mtima wawo uli pa udokotala. Ambiri mwa iwo amakhala oyamba pabanja pawo kuponda pa yunivesite, moti palibe mkulu wawo kapena malume woti awauze zimene zili kutsogolo. Chisangalalo chimakhala chachikulu dzina likatuluka, koma miyezi yovuta kwambiri imakhala inayi kapena isanu yoyambirira. Mwana amene amadziwa mmene sukulu ya udokotala imayendera amalowa miyezi imeneyi ali ndi dongosolo, ndipo dongosololo limayamba iye akadali kumudzi.

Sukuluyo ndi iti, ndipo munthu amalowa bwanji?

Madokotala a m'Malawi muno amaphunzitsidwa ku Kamuzu University of Health Sciences, imene anthu amangoitchula kuti KUHeS. Yunivesite imeneyi idayamba kugwira ntchito mu 2021, boma litaphatikiza College of Medicine, yomwe idatsegulidwa mu 1991, ndi Kamuzu College of Nursing. Zonse ziwiri kale zidali pansi pa University of Malawi. Chisanafike chaka cha 1991, Mmalawi wofuna udokotala ankayenera kukaphunzira kunja, monga adachitira Dr Hastings Kamuzu Banda ku Meharry Medical College m'dziko la America ndi ku Edinburgh. Lero KUHeS ili ndi makampasi ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Mangochi, ndipo ophunzira amaonera odwala m'zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ndi Kamuzu Central. Kalata yokuitanani ndiyo imanena kampasi imene mukafikire ndi tsiku lake.

Khomo lolowera ndi bungwe la National Council for Higher Education, NCHE mwachidule, lomwe limayendetsa ntchito yosankha ophunzira opita ku mayunivesite onse a boma. Bungweli likalengeza, mumalembetsa pa intaneti ndi kusanja maphunziro amene mukufuna, kuyambira amene mukuwafunitsitsa. Chofunika choyamba ndi makirediti 6 pa MSCE, Chingerezi chili momwemo. Pa nkhaniyi, pointi iliyonse kuyambira 1 mpaka 6 imawerengedwa ngati kirediti. 7 ndi 8 ndi kungokhoza chabe, pamene 9 ndi kulephera. Wofuna udokotala ayenera kukhala wolimba pa Bayoloje, Kemisitiri, Fizikisi ndi Masamu. Popeza malo ndi ochepa ndipo ofuna ndi ambiri, kungokwanitsa makirediti sikokwanira ayi. Amene amatengedwa ndi a mapointi otsika kwambiri. Wophunzira wa Fomu 3 ku Balaka Secondary School kapena pa CDSS ya ku Nsanama adziwiretu zimenezi asanasiye Fizikisi kapena Kemisitiri poganiza kuti akupeputsa katundu, chifukwa akatero wadzitsekera yekha khomo.

Chaka cha maziko

Wochokera ku MSCE salowa m'chaka choyamba cha udokotala nthawi yomweyo. Amayamba wadutsa chaka cha maziko, chimene ambiri amachitchabe premed. M'chaka chimenechi amaphunzira Bayoloje, Kemisitiri, Fizikisi ndi Masamu mozama kuposa ku sekondale, pamodzi ndi luso la kulemba ndi kuyankhula Chingerezi cha maphunziro komanso kugwiritsa ntchito kompyuta. Akakhoza, amalowa zaka 5 za digiri ya MBBS. Akamaliza amagwira ntchito m'chipatala moyang'aniridwa kwa miyezi 18, ndipo bungwe la Medical Council of Malawi ndilo limamulemba m'kaundula wa madokotala. Kuwerengera zonse, ndi zaka zoposa 7 kuchokera tsiku lotsazika makolo.

Pano pali kusiyana kumene kumasokoneza ana amene amawerenga malangizo a pa intaneti. Ku America wofuna udokotala amayamba ndi digiri ina ya zaka 4, amasankha yekha maphunziro oti atenge semesita iliyonse, ndipo akaona kuti achuluka amachotsapo ena. Kuno sizili choncho. Yunivesite ndiyo imakonza maphunziro onse a semesita, ndipo kalasi yonse imayendera ndandanda imodzi. Simungasiye Fizikisi kuti mudzaichite chaka chamawa chifukwa yakuvutani. Katundu amakusenzetsani ali womangamanga. Chanu n'kupinda nkhata yabwino kuti khosi lisathyoke. Nkhata imeneyi ndi nthawi yanu, ndalama zanu, malo ogona ndiponso kudziwa malamulo a mayeso.

Malikisi amayamba kuwerengedwa sabata zoyamba

Ku sekondale mwana amazolowera kuti mayeso enieni ndi a kumapeto a Fomu 4, ena onsewa ndi ongoyeserera. Ku yunivesite chizolowezi chimenechi n'choopsa. Malikisi a phunziro lililonse amagawidwa pawiri: ena amachokera ku ntchito za m'kati mwa semesita, monga timayeso ta pakati, ntchito zolemba ndi malipoti a mu labotale, ena ku mayeso akumapeto.

Tingoyerekeza kuti pa phunziro lina ntchito za m'kati zili ndi malikisi 40, mayeso akumapeto 60, ndipo okhozera ndi 50. Amene wasonkhanitsa 32 m'kati mwa semesita akufunika 18 okha pa 60 otsalawo. Mnzake amene ankati adzalimbikira kumapeto, n'kupeza 12, akufunika 38. Onse awiri amalowa m'chipinda chimodzi cha mayeso, koma wina mtima uli m'malo, wina thukuta lili kamukamu. N'chifukwa chake sabata yoyamba muyenera kutenga chikalata chofotokoza phunziro lililonse kwa mphunzitsi wake, muone mmene malikisi agawidwira, ndipo mulembe masiku onse a timayeso ndi operekera ntchito pa pepala limodzi loti muziliona tsiku lililonse.

Werenganinso buku la malamulo a ophunzira limene amapereka sabata yolandira alendo. M'menemo ndi mmene muli malikisi okhozera, kuchuluka kwa makalasi amene munthu ayenera kupezekamo kuti aloledwe kulemba mayeso, amene amaloledwa kulemba sapu (mayeso obwereza phunziro limene walephera), amene amabwereza chaka, ndi amene amachotsedwa sukulu. Mulinso malamulo a zoti muchite mukadwala kapena kugwa maliro pa nthawi ya mayeso. Lamulo lalikulu pa zimenezi n'lakuti mudziwitse akuluakulu msanga ndipo mubwere ndi umboni, monga kalata ya kuchipatala. Kujomba mayeso mwakachetechete n'kudzafotokoza pambuyo kumawerengedwa ngati kulephera.

Kugawa sabata

Sabata ili ndi maola 168. Mukamagona maola 7 usiku uliwonse, 49 apita. Tinene kuti makalasi ndi labotale atenga 30, ndipo kudya, kuchapa, kuyenda ndi kupemphera kwatenga 35. Otsala ndi 54. Mwa amenewa, maola 25 mpaka 30 owerenga panokha ndi okwanira kwa munthu amene amawerenga tsiku lililonse, ndipo ena otsalawo ndi opuma, ochezera ndi osewera mpira. Vuto si kuchepa kwa nthawi koma kuti ku yunivesite kulibe belu la pulepu, kulibe mphunzitsi woyendera m'makalasi usiku ndi tochi. Maola amenewo akapanda kulembedwa penapake amathera pa WhatsApp ndi pa macheza.

Pogawa maolawo, yambani ndi phunziro limene mukuliopa. Mwana wochokera pa sukulu imene idalibe labotale yokwanira akhoza kukhala atakhoza Kemisitiri wa pa pepala asanagwirepo zipangizo zambiri ndi manja ake. Ameneyo aziwerengeratu malangizo a ntchito ya mu labotale dzulo lake, afike msanga, ndipo asachite manyazi kufunsa wosamalira labotale dzina ndi ntchito ya chipangizo chilichonse. Lipoti alilembe tsiku lomwelo zinthu zikadali m'mutu.

Masamu ndi Fizikisi sawerengedwa ngati nthano. Amafuna pensulo ndi pepala tsiku lililonse, ngakhale kwa mphindi 40 zokha. Bayoloje ndiye imachuluka mawu atsopano, ambiri ochokera ku Chilatini ndi Chigiriki, ndipo njira yake ndi kutseka buku n'kudzifunsa nokha, kapena kujambula chinthucho osaonera. Zimene mwaphunzira m'kalasi m'mawa muzibwereze madzulo a tsiku lomwelo, chifukwa mphunzitsi wa ku yunivesite amatha kumaliza m'sabata imodzi mutu umene ku sekondale unkatenga mwezi, ndipo sabwerera m'mbuyo.

Phunziro la Chingerezi musalipeputse. Mwana amene kunyumba amayankhula Chiyao kapena Chichewa akhoza kudziwa yankho koma n'kutaya malikisi chifukwa cholephera kulisanja m'chiganizo chomveka, ndipo m'zaka zakutsogolo adzafunika kufotokoza za wodwala pamaso pa madokotala akuluakulu. Yankhulani m'kalasi ngakhale lilime likupunthwa. Chiyao ndi Chichewa chanucho musachitaye, chifukwa mukadzafika ku Mangochi kapena pa chipatala cha boma ku Liwonde, anzanu ena adzafuna womasulira pamene inu mukumvana ndi agogo mwachindunji.

Mutu umodzi susenza denga, choncho pezani anzanu atatu kapena anayi owerenga nawo, koma gululo likhale ndi nthawi yoyambira, yothera ndi mutu wokambirana. Mapepala a mayeso akale, amene amapezeka ku laibulale ndi kwa ophunzira a makalasi apamwamba, ndiwo chakudya cha gulu lotere. Tsiku lopemphera liikeni m'ndandanda kuyambira pachiyambi, kaya ndi Lachisanu ku mzikiti, Loweruka kapena Lamulungu ku tchalitchi. Mwezi wa Ramadani ukagwera m'kati mwa semesita, sunthani maola owerenga zovuta apite m'mamawa mukangodya daku. Maudindo a m'magulu a ophunzira, kwaya ndi ndale za pa sukulu zikhoza kudikira semesita yachiwiri, mutaona kaye mmene malikisi anu akuyendera.

Ndalama ndi pogona

Ana ambiri amene amavutika chaka choyamba sikuti nzeru zawachepera, koma amalowa m'kalasi ndi njala kapena nkhawa ya lendi. Boma lidakhazikitsa bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board mu 2015 kuti lizibwereketsa ndalama kwa ophunzira osowa. Kusankhidwa ndi NCHE sikutanthauza kuti ngongole mwapeza. Imafunsiridwa payokha, pa nthawi yake, ndipo si onse opempha amene amalandira. Konzeranitu chiphaso cha unzika, zikalata za sukulu ndi umboni wosonyeza mmene banja lanu lilili, monga kalata ya imfa ya kholo ngati ndinu mwana wamasiye. Imeneyi ndi ngongole yeniyeni, yobweza mukayamba ntchito, ndipo zimene mudzabweze ndi zimene zidzaphunzitse ang'ono anu.

Ndalama za ngongole zikhoza kufika semesita itayamba kale, choncho banja likonze zoti mwana adyere mwezi woyamba. Thumba la ufa, nyemba, nandolo ndi usipa wouma zochokera kumudzi zimathandiza kwambiri kwa amene akudziphikira. Malo m'mahositelo sakwanira onse, ndipo wopita ku Blantyre akhoza kufunika chipinda cha lendi kufupi ndi Ginnery Corner, monga ku Chitawira kapena ku Naperi. Posankha chipinda musangoona mtengo. Onani mtunda woyenda wapansi, chitetezo chobwerera madzulo kuchokera ku laibulale, madzi ndi magetsi. Musatumize ndalama pa foni kwa munthu amene akulonjeza chipinda kapena malo a sukulu musanaone ndi maso. Malo a ku yunivesite ya boma sagulitsidwa, ndipo fizi imalipidwa ku akaunti ya sukulu yokha.

Mawu kwa makolo ndi achibale

Kuchokera ku Liwonde kudzera ku Zomba kukafika ku Blantyre ndi ulendo wa maola ochepa, ndipo kufupika kumeneku ndi kumene kumapusitsa. Mwana amaitanidwa ku chinkhoswe, ku sadaka, ku ukwati wa msuweni, ndipo ulendo uliwonse umadya masiku awiri owerenga pamodzi ndi ndalama ya chakudya cha sabata. Bambo, mayi ndi amalume agwirizane mwana asananyamuke kuti ndi zochitika ziti zimene adzamuitanira. Ndalama yake ya ngongole isasanduke ya feteleza. Ndiponso ngakhale kumudzi ayamba kale kumutchula kuti adokotala, mwana wa chaka cha maziko sanaphunzire za mankhwala ngakhale pang'ono, ndipo malamulo salola munthu wosalembedwa m'kaundula kuchiza anthu. Wodwala apite ku chipatala.

Zikayamba kuvuta

Timayeso toyamba tikabwera ndi malikisi otsika, musabisale m'chipinda. Munthu amene ankakhala nambala wani kuyambira Sitandade 1 amadzidzimuka akapezeka pakati pa anzake amene onse ankakhala nambala wani kwawo. Tengani pepala lanulo, pitani kwa mphunzitsi, mufunse pamene mwaphonya. Nkhani za ndalama, matenda, kusowa tulo ndi nkhawa zili ndi ofesi yake, ya mkulu woona za umoyo wa ophunzira, ndipo thandizo limapezeka mosavuta sabata yachisanu kuposa sabata ya mayeso.

Amene dzina lake silinatuluke ku KUHeS asaone ngati njira yatha. Malawi College of Health Sciences, yomwe ili ndi makampasi ku Lilongwe, Blantyre ndi Zomba, imaphunzitsa ma clinical officer ndi ena ogwira ntchito zachipatala, ndipo makoleji a mipingo a pansi pa CHAM, monga St Luke's ku Malosa ndi Malamulo ku Thyolo, amalandiranso ophunzira a MSCE. Zipatala zathu za m'maboma zimadalira kwambiri anthu ophunzira m'makoleji amenewa. Musanalipire fizi kulikonse, funsani ngati sukuluyo ndi yovomerezeka ndi NCHE komanso ngati maphunziro ake amazindikiridwa ndi Medical Council of Malawi kapena Nurses and Midwives Council of Malawi, chifukwa popanda zimenezi satifiketi yanu sidzakulolani kugwira ntchito m'chipatala chilichonse m'dziko muno.