Damu la pakhomo ku Mchinji ndi ukonde wa ku Nkhotakota: madzi ake ndi amodzi

Ife a kunyanja tikamva za Mchinji timaganiza za mtedza, soya, fodya ndi magalimoto odutsa pachipata cha Mwami popita ku Chipata. Za nsomba ayi. Msodzi wa ku Nkhotakota kapena ku Senga Bay mukamuuza kuti ku Mchinji kuli alimi a nsomba, amayamba waseka kaye: nsomba za kumtunda, eti?

Koma m'nyengo yozizira ya chaka cha 2020 kuseka kunatha. Anthu a m'mphepete mwa mitsinje ndi madambo a ku Mchinji anayamba kuona nsomba zakufa zikuyandama, zina zili ndi zilonda zofiira, zina mnofu utadyeka. Akatswiri atapima anapeza kuti ndi matenda a zilonda za nsomba otchedwa EUS, ndipo aka kanali koyamba kuti matendawa atsimikizike m'Malawi muno. Boma linaimitsa kwa kanthawi kugwira, kunyamula ndi kugulitsa nsomba za m'madera okhudzidwa. Mabanja amene ankadalira nsomba pa ndiwo ndi pa ndalama anangoti manja lende.

Nanga ife zikutikhudza bwanji? Mtsinje wa Bua umayambira m'mapiri a ku Mchinji, n'kulandira madzi a mitsinje ina monga Rusa, n'kudutsa m'nkhalango ya Nkhotakota mpaka kudzathira m'nyanja yathu. Ndi mumtsinje womwewu momwe mpasa zimakwera kukaswana. Paja akulu anati madzi saiwala khwawa. Chimene chatayikira m'damu la kuseri kwa nyumba kumtunda, mawa chikhoza kupezeka mu ukonde wathu kuno. Komanso ambiri a ife, poona kuti chambo chikusowa m'nyanja, tayamba kuganiza zokumba madamu athu. Choncho tiyeni tikambirane za damu labwino, losapweteka nsomba, ana, ngakhale anansi a kumunsi.

Malo ndi makumbidwe

Choyamba ndi dothi. Damu limafuna dothi lamakande logwira madzi, osati lamchenga ngati la m'madera ambiri a m'mbali mwa nyanja. Kupima kwake n'kosavuta. Tengani dothi lonyowa, umbani kampira, mukaponye m'mwamba n'kukawakha. Kakaphwanyika, mchenga wachuluka. Kapena kumbani dzenje lofika m'chiuno, mudzaze madzi m'mawa, muwonjezere madzulo, muvundikire. Kutacha mukapeza madzi ambiri akadalimo, malowo ndi abwino.

Chachiwiri ndi madzi osaphwa chaka chonse, ochokera pa kasupe kapena pa ngalande yopatutsidwa kumtsinje. Apa m'pomwe ambiri timalakwa. Kutseka mtsinje weniweni n'kuutcha damu ndi kuitana mavuto: mvula ikagwa yambiri khoma limagumuka, nsomba zanu zimapita, ndipo zam'tchire zimalowa ndi matenda awo. Damu likhale pambali, pamalo osasefukira, potsetsereka pang'ono kuti muzitha kuliphwetsa lonse pokolola.

Banja loyamba kumene lingayambe ndi damu la mamita 10 m'lifupi ndi 20 m'litali. Kolowera madzi kukhale kosaya, mwina kulekeza m'chiuno, ndipo kotulukira kuzame kupitirira mita imodzi pang'ono. Kuzamako kumathandiza kwambiri kumalo okwera ngati ku Mchinji, kumene mu Juni ndi Julayi kumazizira kuposa kwathu kuno. Nsomba zimathawira pansi pomwe madzi sasinthasintha msanga. Makoma akhale otsetsereka, otsenderedwa bwino ndi obzalidwa kapinga. Pa paipi yolowetsa madzi ndi yotulutsa mangani sefa kuti nsomba zachilendo zisalowe, zanu zisatuluke. Ndipo madzi otuluka m'damu asalunjike kumtsinje. Apititseni kudimba, kuli mpiru, tomato kapena nthochi. Madziwo ali ndi chonde kale.

Mbewu ya nsomba

Apa tinene mosapsatira. M'matauni muli anthu amene amaweta tinsomba tofiira tokongoletsa, totchedwa goldfish, m'magalasi kapena m'timadamu ta simenti. N'tokongoladi, ana amatikonda. Koma kwawo ndi ku China, ndipo ndi tachibale ndi nsomba ya carp. Carp inabwera m'dziko muno m'zaka za m'ma 1970, koma kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 boma linaletsa kuiweta poopa kuti ingalowe m'nyanja. Nsomba za mtundu umenewu n'zolimba, zimaswana kwambiri, ndipo zimafukula matope pansi mpaka madzi kuda, pamene chambo chathu chimakonza zisa zake pansi pomwepo. Amene ali nato kale tinsombati asatiike m'damu lolumikizana ndi mtsinje, ndipo akatopa nato asakatitaye m'madzi ati n'kuchitira chifundo.

Chiyeso china cha m'boma la m'malire ndi mbewu ya kutsidya. Ku Zambia alimi ambiri amaweta nsomba ya Nile tilapia, imene imakula msanga kuposa makumba. Munthu akhoza kuganiza kuti kachidebe kamodzi pa njinga sikangalakwe kanthu. Koma kwathu kuno nsombayi siiloledwa, ndipo lamulo la za usodzi limaletsa kulowetsa nsomba zachilendo m'madzi a dziko lino popanda chilolezo. Chifukwa chake n'chomveka: nsombayi ikalowa m'mitsinje imalanda malo ndi chakudya, komanso imakwerana ndi nsomba za mtundu wa chambo mpaka mtundu weniweni kusokonekera. Anzathu a kunyanja ya Victoria anaona zotere. Nsomba yolusa ya Nile perch itaikidwamo m'zaka za m'ma 1950, pofika m'ma 1980 mitundu yambiri ya tinsomba ta m'nyanjamo inali itazimirira. Ndipo namasupuni amene amatsamwitsa mtsinje wa Shire kwawo ndi ku South America. Anafalikira m'maiko ambiri chifukwa anthu ankawabzala m'madamu a pakhomo pokonda maluwa ake. Chinthu chikalowa m'nyanja sichituluka.

Zathu zilipo: makumba, chilunguni, chambo ndi mlamba. Chilunguni chimadya masamba ofewa monga a chinangwa ndi mbatata, ndiye sichivuta kudyetsa. Mbewu tigule kwa alimi odziwika kwa alangizi a za nsomba, kapena ku malo a boma monga a ku Domasi ku Zomba. Mbewu yongokokola kumtsinje kapena yotsalira m'damu la mnzathu nthawi zambiri imakhala yopinimbira, ndipo sitidziwa chimene yanyamula. Nsomba zitatu pa malo a mita imodzi mbali zonse n'zokwanira kwa woyamba. Ndiye kuti 600 m'damu lija. Kuthithikiza kumangobala tinsomba tosakula. Pofika ndi mbewuyo musaikhuthule nthawi yomweyo. Yandamitsani chidebe kapena thumba m'damu kwa kanthawi, muzithiramo madzi a m'damu pang'onopang'ono, nsomba zituluke zokha.

Madzi obiriwira, osati onunkha

Musanalowetse madzi, wazani laimu pansi pa damu monga alangizi angakuuzireni, chifukwa madzi owawasa ndi amene matenda a zilonda amakonda. Kenako mangani kakhola ka timitengo pakona n'kumaikamo manyowa. Alimi ena amathira a nkhumba, koma ife tili ndi a nkhuku, mbuzi ndi ng'ombe, ndipo amagwira ntchito bwino lomwe. Manyowawa amameretsa tizomera tosaoneka ndi maso, tomwe timabiriwitsa madzi ndipo ndi chakudya chenicheni cha makumba.

Muyezo wake ndi mkono wanu. Uviikeni mpaka m'chigongono. Ngati chikhatho chikuoneka bwinobwino, onjezerani manyowa. Ngati chasowa mkono usanalowe n'komwe, lekani kuthira ndipo lowetsani madzi atsopano. Pitaniko m'bandakucha: mukapeza nsomba zili pamwamba, zikuyasamula kukamwa, ndiye kuti mpweya wachepa m'madzi. Tsiku limenelo musadyetse, musathire manyowa, ingolowetsani madzi.

Madeya a chimanga osakaniza ndi soya wokazinga ndi chakudya chabwino. Dyetsani kawiri pa tsiku, dzuwa litakwera, pamalo amodzimodzi, ndipo mungopereka zomwe zingathe. Zotsala zimaola n'kuononga madzi. Nthawi yozizira nsomba zimadya pang'ono, ndiye chepetsani. Mukasamala chotere, pakatha miyezi isanu ndi umodzi kapena kupitirira pang'ono mukhoza kukolola.

Ana, nkhono ndi akuba

Damu lozama mita imodzi limamiza mwana wongoyamba kuyenda, ndipo zimachitika mwakachetechete, mayi ali pamtondo. Mpanda wokhala ndi chitseko si wa mawa, umangidwe madzi asanalowe. Mpanda womwewo umatchingako katumbu ndi ng'azi, ndipo zingwe zomangidwa pamwamba pa damu zimasokoneza mbalame zodya nsomba. Damu likhale poonekera kuchokera pakhomo, chifukwa akuba a miyendo iwiri nawo amakonda makumba.

Likodzo timalidziwa ife a kunyanja. Nkhono zofalitsa matendawa zimakonda udzu wa m'mbali mwa madzi odikha, momwemonso mphutsi za udzudzu. Lambulani m'mbali, zulani zomera za m'madzi, ndipo damu lisasanduke bafa kapena chimbudzi. Ana asasambiremo.

Zilonda zikaoneka

Matenda a EUS amayamba ndi nkhungu ya m'madzi imene imalowa pakhungu la nsomba n'kudya mnofu. Amakonda nthawi yozizira komanso pambuyo pa mvula yambiri. Muno mu Africa anayamba kuoneka m'mitsinje ya Chobe ndi Zambezi cha m'ma 2006 ndi 2007. Amayenda ndi madzi osefukira, nsomba zamoyo zosamutsidwa, ndi zipangizo zonyowa. Mankhwala ochiza nsomba zonse za mumtsinje palibe, n'chifukwa chake kupewa ndiye nkhani.

Mukaona madontho ofiira kapena zilonda, tsekani madzi otuluka, musagulitse kapena kupatsa mnzanu mbewu, ndipo dziwitsani alangizi tsiku lomwelo. Nsomba zakufa zikwirireni mozama kapena zitentheni kutali ndi madzi. Nkhunguyi siigwira munthu, koma nsomba ya zilonda si ya m'mphika, chifukwa m'zilondamo mumalowa tizilombo tina. Ukonde wobwereka, kapena umene wakokola kumtsinje, uchapidwe ndi kuuma gwaa padzuwa usanalowe m'damu. Izi zikukhudzanso ife amene timayenda ndi maukonde athu kuchoka gombe lina kupita lina.

Kubisa n'kumene kumapweteka. Mlimi amaopa kuti akanena amutsekera malonda, ndiye amakolola usiku n'kukagulitsa kumsika wakutali. Ndalama ya tsiku limodzi ija imadzaliritsa mudzi wonse chaka chamawa.

Ndiye abale ndi alongo, kaya tili ku Mchinji, ku Salima kapena ku Mangochi, tisanagule mbewu tichite chinthu chimodzi. Tiime pomwe madzi a damu lathu azitulukira, titsate ngalandeyo ndi miyendo mpaka pomwe yathera. Ikathera kudimba, kumbani. Ikathera mumtsinje, konzani kaye ngalandeyo.