Ubwino wa mkaka wa mbuzi: mtundu ndi thanzi la bere

Mabanja ambiri m'mawodi a boma lathu lino ali ndi mbuzi, koma ochepa ndi amene amazikama. Chikhalirecho mkaka wake ndi chakudya chomanga thupi chimene chingathandize ana kuti asanyentchere. Ofuna kuyamba kukama adziwe kuti mtundu wa mbuzi ndi umene umaika malire a mkaka umene ingatulutse, pamene thanzi la bere ndi limene limachititsa kuti banja liupeze mkakawo uli woyenera kumwa.

Mbuzi zathu zachikuda zimapirira matenda ndi chilala, koma mkaka wake ndi wochepa, wongokwanira ana ake. Mbuzi ya Saanen, yoyera, yochokera ku Switzerland, ikamadya bwino imatha kutulutsa malita awiri kapena atatu pa tsiku, ngakhale mkakawo sukhala ndi mafuta ambiri, ndiponso mbuziyo simvana ndi dzuwa loomba. Ya Anglo-Nubian, ya makutu ataliatali ogwa, imatulutsa wocheperapo koma wamafuta ambiri, ndipo imapirira kutentha. Ya Boer, yochokera ku South Africa, ndi yanyama. Wogula tonde wa mtundu umenewu asayembekezere kudzaza chigubu. Kwa mlimi wa kumudzi, njira yodalirika ndi kukweretsa mbuzi zachikuda ndi tonde wa mtundu wamkaka, chifukwa ana obadwawo amatengera kupirira kwa make ndi mkaka wa mtundu wa atate awo.

Komabe mtundu wabwino sungateteze mbuzi ku matenda otupitsa bere, amene alangizi amawatcha mastitis. Matendawa amayamba pamene tizilombo tosaoneka ndi maso talowa pa kabowo ka nsonga ya bere. Timachokera m'ndowe za m'khola lonyowa, m'manja mwa wokama, ndi pa zilonda zobwera ndi minga kapena nkhupakupa. Bere limatupa, limatentha, limalimba, ndipo mbuzi imaponda mwendo ikagwidwa. Mkaka umatuluka wamadzimadzi, wa timibulu, nthawi zina wosakanikirana ndi mafinya kapena magazi, ndipo umamveka mchere. Chithandizo chikachedwa, mbali imodzi ya bere imatha kuuma osatulutsanso mkaka. Popeza mbuzi ili ndi mbali ziwiri zokha, pamenepo mlimi wataya theka la phindu la chiweto chimene anachigula ndi ndalama zambiri.

Choopsa kwambiri ndi chakuti matendawa nthawi zambiri amabisala. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: bere limaoneka labwinobwino, koma mkaka ukucheperachepera ndipo sukhalira kuwonongeka. Nchifukwa chake nkofunika kukamira madontho oyamba a mbali iliyonse m'kapu yakuda m'kati, momwe timibulu timaonekera msanga, kenaka n'kuwataya.

Kupewa matendawa sikulira ndalama zambiri. Khola likhale lam'mwamba kuti ndowe ndi mkodzo zizigwera pansi. Wokama asambe m'manja ndi sopo, atsuke bere ndi madzi ofunda, alipukute ndi kansalu koyera ka mbuzi imeneyo yokha. Akame mofinya pang'onopang'ono, osati mokoka, mpaka mkaka utatha. Akamaliza, aipatse mbuziyo chakudya monga nsenjere, lukina kapena madeya kuti ikhale chiimire kwa mphindi pafupifupi 30, chifukwa kabowo ka bere kamakhala kasanatsekeke. Mbuzi yodwala ikamidwe pomalizira ndipo mkaka wake utayidwe. Tonde akhale patali ndi malo okamira, pakuti fungo lake limalowa mumkaka.

Mukaona zizindikiro zimene tatchulazi, pitani kwa mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu m'malo mogula mankhwala mwachisawawa pamsika. Mbuzi ikabayidwa mankhwala opha tizilombo, mkaka wake usamwedwe kapena kugulitsidwa kufikira atatha masiku olembedwa pa botolo la mankhwalawo. Mkaka wotere ndi woipa m'thupi la munthu, ndiponso chambiko chake sichigwira bwino.

Pomaliza, mkaka wonse, ngakhale wa mbuzi yooneka yathanzi, uyenera kuwiritsidwa usanamwedwe, chifukwa matenda ena monga brucellosis, amene amachititsa mbuzi kutaya bere, amafalikira kwa anthu kudzera mu mkaka wauwisi. Khonsolo ikupempha makomiti a chitukuko a m'midzi ndi magulu opatsirana mbuzi kuti akambirane mfundozi pa misonkhano yawo, ndi kuitana mlangizi asanasankhe tonde wogula.