Nkhalango Ikatha, Mbewu Yake Tikaipeza Kuti?

Aliyense amene anayendapo pa msewu wochoka ku Blantyre kupita ku Mwanza waona matumba a makala atandandalikidwa m'mbali mwa msewu. Boma la Mwanza ndi lotchuka ndi manachesi, koma lakhalanso likudyetsa mbaula za mumzinda wa Blantyre kwa zaka zambiri. Mapiri ambiri ayera, ndipo ngakhale nkhalango yotetezedwa ya Thambani yalawa nkhwangwa.

Ife a m'mbali mwa nyanja tisaseke. Nkhuni zowambira nsomba tikukazitola kutali, ndipo mtengo waukulu wosemera bwato ukusowa. Mvula ikagwa, dothi la m'mapiri limakokolokera m'nyanja ndi kukwirira malo amene chambo chimaswerana. Tonse tikuvomereza kuti tibzale mitengo. Koma funso nali, abale ndi alongo: tibzale mitengo yanji, ndipo mbewu yake tiitenge kuti?

Bulugama si nkhalango

Kwa zaka zambiri takhala tikubzala bulugama ndi malaina chifukwa amakula msanga. Mitengo imeneyi imatipatsa milimo ndi nkhuni, koma siingalowe m'malo mwa nkhalango ya makolo athu. Masuku, bwemba, mankhwala a zitsamba ndiponso bowa wambiri amene timadya m'dzinja zimachokera m'nkhalango yachilengedwe ya mombo, msuku, mlombwa ndi mbawa.

Vuto ndi lakuti mitengo yachilengedwe ili ndi makhalidwe ake. Njere ya msuku imafa msanga ikauma, kotero iyenera kufesedwa itangochotsedwa m'chipatso. Mbande yake imakula bwino ikathiridwa dothi lotapa pansi pa msuku waukulu, chifukwa m'dothi limenelo muli tizomera ta mtundu wa bowa tothandiza mizu kuyamwa chakudya. Njere ya mlombwa ili m'chikhokho cholimba ndipo imavuta kumera. Wosadziwa zimenezi amafesa, n'kugwa mphwayi, n'kubwerera ku bulugama.

Ntchito ya minda ya zomera

Apa ndi pamene minda ya zomera imathandiza. Iyi ndi minda imene akatswiri amasungamo mitundu yosiyanasiyana ya mitengo ndi zitsamba, kulemba maina ake, ndi kufufuza kameredwe kake. Munda woyamba m'dziko muno unatsegulidwa ku Zomba m'chaka cha 1891 ndi Alexander Whyte. M'chaka cha 1987 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa bungwe la National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi, limene lili ndi minda ku Zomba, Lilongwe ndi Mzuzu.

Ku Zomba bungweli limasunganso masamba ndi maluwa ouma otoledwa m'madera ambiri, ndipo chilichonse chinalembedwa malo ndi chaka chimene chinatengedwa. Choncho phiri likayera, zolembedwazi zimakumbutsa mitengo imene inalipo kale.

Chitsanzo chabwino ndi mkungudza wa ku Mulanje, umene unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko lathu m'chaka cha 1984. Mtengowu mwachilengedwe umapezeka pa phiri la Mulanje pokha. Anthu anaucheka mopanda chisoni, moti kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha. Kuyambira 2016 bungwe logwirizanitsa minda ya zomera pa dziko lonse la Botanic Gardens Conservation International linagwira ntchito ndi Mulanje Mountain Conservation Trust pamodzi ndi a kafukufuku wa nkhalango a ku Zomba. Anaphunzitsa anthu a m'midzi yozungulira phirilo kufesa njere za mkungudza m'manazale 10, ndipo mbandezo zinkagulidwa kwa iwo n'kukabzalidwa paphiri. Moto wolusa ukadali mdani wamkulu wa mbandezi, zimene zikusonyeza kuti kubzala ndi chiyambi chabe.

Phunziro la kwa Kam'mwamba

Nzeru za akatswiri sizingapulumutse mtengo ngati banja lagona ndi njala. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, bungwe losamalira nyama ndi chilengedwe, limene tsopano limatchedwa Wildlife and Environmental Society of Malawi, linayamba ntchito kwa Kam'mwamba. Deralo linali m'boma la Mwanza, koma tsopano lili ku Neno. Anthu anaphunzitsidwa kupanga chakumwa cha malambe ndi bwemba, kuweta nkhanga ndiponso kusunga njuchi. Cholinga chinali chakuti mtengo woima uzibweretsa ndalama chaka ndi chaka, pamene makala amaubweretsa kamodzi kokha.

Dziko lathu linalonjeza kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a malo owonongeka pofika 2030. Malo amenewa ndi mapiri ndi madambo a m'midzi mwathu momwemu. Pamene zitsa za mombo zikadali zamoyo, tingozitchinjiriza ku moto ndi mbuzi, zidzaphukira zokha. Pamene zinazulidwa, tifunse alangizi a zankhalango za mbande zachilengedwe. Ana akadya masuku m'mwezi wa Novembala, asataye njere, azifese sabata yomweyo. Ndipo amene ali ndi ulendo wa ku Zomba, atengeko ana ku munda wa zomera, akaone ndi maso mitengo imene agogo awo ankasemera mabwato.